Mtima wa Ndani

Stanija anavala mpango wake wa kutchalitchi popita kuchipatala cha kutauni. Mwamuna wake, Dobrivoje, anakhala pambali pake m'chipinda cha dokotala, chipewa pabondo, maso pazenera, ngati munthu amene wangoperekeza mnzake.

Kumayambiriro kwa mwezi anamwino anayendera midzi ya kumapiri kukayeza mitima ya okalamba. Pa Dobrivoje anakayikira. Anamumeta cheya cha pachifuwa n'kumumata kamakina kochepa ngati bokosi la machesi, kuti kazimvetsera mtima usana ndi usiku mpaka tsiku lokabweza. Stanija sanazitenge mwamasewera. Apongozi ake aakazi anagwa akukanda buledi, ndipo iye ndi amene anawasambitsa ndi kuwatembenuza kwa zaka zambiri, mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka. Sankafuna kuzionanso pa mwana wawo.

"Tachipeza," anatero dokotala, mayi wamng'ono wamagalasi. "Nthawi zina mtima umasiya kugunda mwadongosolo, umangonjenjemera. Zikatero magazi amatha kuundana, kachibuluma n'kukatseka mu ubongo. Sitiroko imayamba choncho. Koma mankhwala oletsa magazi kuundana alipo. Muyamba lero."

Stanija anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Mantha analipo, koma mdani anali atadziwika dzina.

Dobrivoje anatsokomola. "Adokotala, kunjenjemerako kunachitika liti?"

"Lamulungu loyamba, kuyambira m'mawa mpaka masana."

"Ehe." Anatembenuza chipewa. "Kamakina kameneka, kamadziwa kuti kali pachifuwa pa ndani?"

Dokotala anaika cholembera pansi.

"Ndinawabwereketsako a kumu," anatero Dobrivoje. "Masiku ochepa chabe."

A kumu anali Ljubisav, amene anawaimira pa ukwati wawo n'kudzagwiranso mwana wawo pa ubatizo. Pa mwambo wa kwawoko, ubale wotere umachititsa amuna awiri kuitanana kuti kumu. Mkazi wake anamwalira kalekale. Iye ndi amene anawabweretsa m'mawawo pa galimoto yake, ndipo anali pakhonde kudikira.

Stanija anatembenukira kwa mwamuna wake. "Unawabwereketsa?"

"Stana, usakweze mawu, tili kuchipatala."

"Unawabwereketsa ngati makwerero? Ngati poto wotchezera mowa wa mapulamu? M'mawa uliwonse ndinkakufunsa, kalipo? Iwe n'kumagogoda pachifuwa, ine n'kumamva kulira."

"Linali bokosi la machesi," anatero Dobrivoje chapansipansi.

"Ine kumayatsa kandulo patsogolo pa chithunzi cha woyera mtima wa pakhomo pathu, kumapempherera bokosi la machesi."

"Mkazi iwe, tamvera. Tsiku limene anamwino anabwera, a kumu anali kumsika wa nkhosa, anawaphonya. Kenako anandiuza kuti m'chifuwa mwawo mukuphupha ngati mwalowa mpheta. Sanapemphe. Anangoyang'ana kamakinako. Ndikanatani? A kumu sakanizidwa."

"Ndipo mkazi amanamizidwa."

Dokotala anavula magalasi n'kutikita maso. Sanakalipe, ndipo Stanija akanakonda akanakalipa. "Mankhwalawa sindingapereke mwachimbulimbuli," anatero. "Kwa wodwala amateteza. Kwa wosadwala angangomutayitsa magazi pachabe. Aitaneni alowe."

Ljubisav analowa ndi thumba la maapozi a kumunda kwake, limene anali atasungira anamwino. Atamva nkhaniyo analiika pansi pang'onopang'ono, makutu atafiira.

"Lamulungu kanali kwa inu, kumu," anatero Ljubisav. "Ndinabweza Loweruka, tsiku lomwe tinapha nkhumba kwa mnansi wathu Obrad. Adokotala, apatseni mankhwala awo."

"Ayi kumu, nkhumba inali Loweruka linalo. Lamulungu kanali kwa inu."

"Mukufuna kunditcha wabodza pamaso pa anthu?"

"Wabodza ayi, woiwala. Inu si amene munasiya nkhosa pamsika mutaigula?"

"Nkhosayo inali yanu, ndinkakugwirirani."

Stanija anawayang'ana amuna awiriwa akupatsana matenda mwaulemu ngati akupatsana nthuli yomaliza m'mbale. Aliyense ankafuna kuti mnzake ndiye athandizidwe, ndipo palibe amene anamuyang'ana iye, amene akanatsala ndi beseni ndi nsanza. Anafinya chikwama chake.

Dokotala anawagoneka onse awiri, mmodzi pambuyo pa mnzake, n'kuwayeza pomwepo. Mitima yonse inagunda bwinobwino. "Ndiye vuto la matendawa," anatero. "Amabwera n'kupita. Tiyenera kuyambiranso, pachifuwa chimodzi. Koma kamakina kamene katsala muno ndi kamodzi, tina tonse tili pa anthu m'midzi, ndipo odikira ndi ambiri. Winayo apirire mpaka chisanu chithe. Popeza sitikudziwa, kabwerera kwa a Dobrivoje. Iwo ndi amene anamwino anawakayikira."

Stanija anapuma. Zinali zoyenera. Kamakinako kanali ka mwamuna wake kuyambira pachiyambi.

Namwino atapita kukatenga lumo, Ljubisav anawerama kuti atole maapozi ake, ndipo dzanja lake linapita lokha pachifuwa n'kukanda pamene panali potupa ndi pulasitala. Apo Stanija anakumbukira. Lamulungu loyambalo, mapemphero ali mkati, anthu onse ataimirira monga mwa nthawi zonse, Ljubisav anapita kukakhala pa mpando wa kukhoma, wa nkhalamba zosatha kuima. Potuluka anabwera kwawo. Stanija anamuthirira khofi, koma iye anangonyambita n'kusiya, milomo ili mbuu, akukanda pansi pa malaya pomwepo. Pochoka anamukulungira buledi ndi tchizi, poganiza kuti ndi njala ya munthu wokhala yekha. Tsiku lomwelo Dobrivoje anadya mbale ziwiri za nyemba n'kukawaza nkhuni ngakhale linali Lamulungu.

Palibe amene anamufunsa Stanija. Akanatha kukhala chete, ndipo silikanakhala bodza. Anamwino anakayikira mwamuna wake, osati Ljubisav. Mayi a mwamuna wake ndi amene anagwa. Anayang'ana khosi la Dobrivoje, lopyapyala mu kolala imene iye anasita, ndipo mkwiyo unamugwiranso, chifukwa chitsiru chimenechi chinamuika pamalo oti asankhe. Kenako anaganiza za nyumba ya Ljubisav kuseri kwa munda wa mapulamu, kumene munthu akhoza kugwa n'kugona pansi mpaka galu atatopa kuuwa. Ambuye, chitirani chifundo, ananena mumtima, ndipo pempherolo silinamufewetse.

"Kanali kwa a kumu," anatero.

Onse anatembenuka.

"Lamulungu munakhala pansi m'tchalitchi, kumu. Khofi simunamalize. Munkadzikanda ngati galu wa utitiri. Uyu anawaza nkhuni." Analoza mwamuna wake ndi chibwano osamuyang'ana. "Adokotala, amateni awo."

"Amayi a pakhomo, sindingalande..." anayamba Ljubisav.

"Munalanda kale. Vulani malaya."

Dokotala anamufunsa Stanija mafunso angapo, kenako anagwedeza mutu. Namwino anabwera ndi lumo n'kulunjika kwa Ljubisav, amene anakhala pabedi manja ali m'mbali ngati mwana wolakwa.

"Ndipo mumve," anatero Stanija namwino akumeta. "Mugona kwathu, m'chipinda cha mwana wathu, mpaka kachotsedwe. Ndidzayang'ana ndekha m'mawa uliwonse, ndi maso, osati kumva kugogoda. Mukakabwereketsa kwa Obrad kapena kwa ansembe, musadzapondenso pakhomo panga, ukumu kapena ayi."

"Stana," anatero Dobrivoje, maso akunyezimira, "ndimadziwa kuti iwe..."

"Usandithokoze. Ukandithokoza ndikuphwanya ndi chikwamachi. Iwe watsala wosayezedwa chisanu chonse, ndipo wachita wekha."

Dokotala anakoka mpando n'kukhala pafupi naye. Anatenga zala ziwiri za Stanija, zokhakhala ndi ntchito, n'kuziika padzanja la Dobrivoje pansi pa chala chachikulu. "Apa. Musafinye kwambiri. Sizilowa m'malo mwa makina, koma m'mawa ndi madzulo muzimva. Mtima ukamagunda ngati munthu woyenda bwino, zili bwino. Ukayamba kudumphadumpha, kapena akalephera kuyankhula, kapena nkhope ikagwa mbali imodzi, musadikire basi ya mawa. Muimbire ambulansi."

"Nkhope imeneyo ndimaidziwa," anatero Stanija.

Pansi pa zala zake panali kugunda, kochepa kuposa mmene ankaganizira. Anatseka maso kuti amve bwino.

"Ukundipweteka," anatero Dobrivoje.

"Khala chete. Ndikumvetsera."