Lachiwiri la Rhonda Pawlak

Rhonda Pawlak sankakhulupirira nambala imene sanaione yekha pa tepi yake yoyezera. Munthu akamuuza kutalika kwa chitseko, ankagwedeza mutu ngati wavomera, kenako n'kusolola tepi m'chiuno. Anayeza ngakhale bokosi la maliro a bambo ake anthu akuona, ndipo palibe anamuletsa chifukwa ankamudziwa.

Kwa zaka khumi ndi chimodzi anagwira ntchito kwa amalume ake, a Chet, yokonza nyumba zakale za m'tauni ya Marietta. Ankakhoma madenga, kuika matailosi, kukumba ngalande. Koma ikafika ntchito ya mawaya a magetsi, a Chet ankaitana mmisiri wa satifiketi, yemwe ankagwira maola atatu n'kumapita malaya asanade. Rhonda ankamuyang'anitsitsa manja. Sanaonepo chimene iye akanalephera.

Ndiye analembetsa ku bungwe la amisiri a magetsi kuti akaphunzire ntchitoyo. Khomo linali limodzi basi: mayeso a masamu ndi kuwerenga, onse othamangitsana ndi wotchi. Wolephera kapena wojomba amadikira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Rhonda, wa zaka 36, analibenso mtima wodikira.

Masamu anamuzunza sabata yoyamba yokha. Kuphatikiza 3/8 ndi 5/16 papepala kunkamuzunguza mutu, chonsecho pa thabwa ankakuchita asanaphethire. Atamva kuti kumayeso salola tepi koma amapereka pepala losalembapo, anayamba kujambula inchi imodzi yaikulu pamwamba pa tsamba n'kuidula tizigawo 16. Kuyambira pamenepo ankangoyendetsa pensulo pa timizereto, yankho n'kutuluka lokha.

Mdani weniweni anali kuwerenga. Ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Pa nkhomaliro ankakhala pa chidebe cha penti, sangweji kudzanja lino, buku la mafunso kudzanja linalo, kawotchi ka kukhitchini pabondo. Kakalira iye akadali pakati pa ndime, ankatukwana pang'ono n'kukapotokolanso. Pofika sabata yachisanu anali atazolowera kuyamba ndi mafunso, kenako kusaka mayankho m'ndimemo ngati mmene amasakira pamene denga likudontha. Anayamba kumaliza kawotchi kasanalire.

"Aprofesa," ankatero a Chet, "mukamaliza digiriyo mudzandigwirireko makwerero."

"Mimbayo ikugwirani, amalume. Simungapendekeke."

Kalata yomuitanira ku mayeso itabwera, nthabwala zinatha. Mayeso anali Lachiwiri m'mawa ku Columbus, ulendo wa maola awiri. Tsiku lomwelo a Chet anakonza zokhoma denga la mayi wina wamasiye, ndipo a zanyengo anali atalengeza mvula ya Lachitatu. A Chet anamukumbutsa Rhonda kuti gulu lawo ndi la anthu atatu okha, kuti nyundo anamugwiritsa ndi iwo, kuti mayeso sathawa. Rhonda anati akhome Loweruka ndi Lamlungu, iye agwira ulere. A Chet anati malata sanafike. Rhonda anaimba foni kusitolo pomwepo, iwo akumva, ndipo anamuuza kuti malatawo ali pabwalo kuyambira dzana.

A Chet anayamba kupukuta manja omwe anali oyera kale. Apa m'pamene Rhonda anaona kuti nkhani sinali denga. Mkuluyo sankaopa kuti iye alephera. Ankadziwa kuti akhoza mayesowo n'kuwasiya.

"Ukapita Lachiwiri, Lachitatu usabwere," anatero osamuyang'ana.

"Ndamva, amalume."

Loweruka anakatenga malata aja yekha. Lamlungu anakhoma mbali yoyang'ana kumsewu ndi mnzawo wachitatu uja, a Chet osaoneka. Lolemba a Chet anafika, nagwira nawo mbali yotsalayo osalankhula kanthu kupatula kupempha misomali. Pofika masana denga linali litatsala mzere umodzi wa pamwamba, woti anthu awiri atha kumaliza.

Rhonda anatsika, nasiya makiyi a galimoto ya ntchito pampando. Anadikira pang'ono mwina a Chet anenapo kanthu. Nyundo inapitiriza kulira padenga.

Kunyumba anasamba, naimbira mnzake wa ku Columbus kuti amuyalire pampando wa pabalaza. M'chikwama anaikamo laisensi yake yoyendetsera galimoto, kalata ija, mapensulo awiri, magalasi owerengera ndi malaya a kolala amene anali asanavalepo. Anatseka zipi, nachinyamula kupita nacho kugalimoto yake.