Ndinauza Galu

Zaka khumi ndi chimodzi mkamwini wanga ankandibweretsera nyama ya njati, koma chimene ndinkachidziwa pa iye ndi msana ndi khosi basi. Kwathu kuno kudera la Arnhem mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, salankhulana, satchulana dzina. Ndikatulukira panjira, iye ankapotoza nkhope n'kuyang'ana kutchire. Pakakhala mawu ankadzera kwa mwana wanga Lorina, mkazi wake. Lorina akachokapo, tinkauza galu.

Galuyo ndi Dampa, wosiyidwa ndi malemu amuna anga. Amuna angawo ndinayenda nawo kosaka zaka makumi atatu, ine nditasenza mipeni ndi madzi, mpaka matenda a shuga anawatenga. Njati ndimazidziwa kuposa amuna onse otsala pamudzi pathu. Koma ndani amafunsa mkazi wamasiye?

Kunali kumapeto kwa chilimwe, matope a m'dambo atauma pamwamba. Lorina anatsala pakhomo ndi khanda la masabata awiri. Tinapita atatu. Mkamwini ankayendetsa galimoto, pambali pake mlamu wanga Kodjok, mkulu wa malemu. Ine ndinakhala kumbuyo ndi galu, nditawafulatira, ndili ndi chitsulo changa chofufuzira akamba m'matope. Ulendo wa maola awiri, kumene foni siigwira.

Kodjok anatulutsa mutu pawindo. "Mlamu, akamba akowo nguluwe zinadya kale. Ukakumba maenje okhaokha."

"Nanga nditawapeza udya ndi chiyani, mano awiri omwewo?"

"Awiriwa ndi akatswiri. Funsa nthiti za njati."

Njati tinaipeza dzuwa lili pamutu. Inali nkhunzi yokalamba, yoyenda yokha, nyanga zotambalala ngati mikono ya munthu. Mkamwini anatsika, anayenda chowerama, n'kuwombera ali patali. Ndinamva chipolopolo chikulowa, kulira kwake ngati wamenya thumba lonyowa. Njati inagwada, inadzuka, n'kulowa m'tsekera wotalika kuposa munthu.

"Yatha imeneyo," anatero Kodjok. "Ndikathyole masamba oyalapo nyama." Ananyamuka kulowera kumitengo, kutali ndithu.

Ine ndinatsika kukaona magazi. Anali akuda, osakanikirana ndi udzu wosagayika. Akanakhala ofiira a thovu sindikanalankhula kanthu.

"Dampa," ndinatero nditayang'ana pansi, "magazi awa ndi a m'mimba. Njati yotere saithamangira. Imazungulira n'kukabisala pambali pa mapazi ake omwe. Malemu mbuye wako ankakhala pansi, kuwiritsa tiyi, kudikira kuti iume miyendo."

Mkamwini anali atandipatsa msana, akuika zipolopolo mumfuti. Anakanda galu kukhutu.

"Dampa, uwathokoze mayi. Koma dzuwa ili liwononga nyama, ndipo kunyumba kuli wobereka kumene akufuna msuzi."

"Dampa, nyama ikawola timataya. Tibweranso mawa."

"Dampa, mafuta obwerera mawa ali kuti?"

Anayankha mofatsa, mwaulemu, monga mwa masiku onse. Ulemu umenewo ndi umene umandipsetsa mtima mpaka lero. Ukamalankhula ndi galu sungamugwire munthu mkono. Sungaime kutsogolo kwake. Akanakhala mwana wanga wobereka ndekha ndikanamulanda mfutiyo n'kuikhalira. Ndinaitana Kodjok kuti abwere amuletse, koma nkhalamba ija makutu anatha kalekale.

Mkamwini analowa m'tsekera, galu patsogolo. Ine ndinakwera padenga la galimoto, ndi maondo angawa. Pamwambapo ndinkaona chipewa chake chikuyenda pang'onopang'ono, kutsata magazi. Chinayenda mapazi ngati zana. Kenaka ndinaona udzu ukugwedezeka kumbuyo kwake, pakati pa iye ndi galimoto. Kunalibe mphepo. Njati ija inali itazungulira, monga ndinanenera.

Galu anaimva. Anauwa kamodzi chakumbuyo, mbali imene ndinali ine. Mkamwini anayamba kutembenuka kutsata galuyo, mfuti ikukwera. Ichi ndikufuna aliyense wowerenga achidziwe: anali akutembenukira koyenera. Ndikanangotseka pakamwa akanaiona.

Koma ndinakuwa. "Dampa, kumbuyo!"

Mawu anga atangomufika, khosi lake linachita zimene linazolowera zaka khumi ndi chimodzi. Anabweza nkhope n'kuyang'ana kumbali. Sanaganize, thupi linangochita lokha. Kanali kanthawi kochepa ngati kuphethira. Njati inatuluka pomwepo.

Mfuti inalirira m'mwamba. Ndinaona chipewa chikuuluka, kenaka miyendo.

Mmene ndinatsikira padenga sindikukumbuka. Ndinamupeza atagona chammbali, nyanga itamuboola pantchafu pafupi ndi chuuno, magazi akutumphuka motsatira mtima. Njatiyo inakagwa yokha patsogolo pang'ono, itamaliza ntchito yake. Ndinavula mpango, ndinaukanikiza pabalapo, n'kuikapo bondo. Aka kanali koyamba kumukhudza.

Kodjok anafika akupuma mwabefu, masamba adakali m'manja. Anandiyang'ana ine, anayang'ana bondo langa pathupi la mkamwini, n'kutsegula pakamwa.

"Ukangonena, ndikuchotsa mano awiri otsalawo," ndinatero. "Bweretsa galimoto."

Nkhalamba ziwiri kukweza mwamuna wamkulu. Tinamukoka ngati thumba. Kodjok anayendetsa, ine kumbuyo ndi bala, galu atagona kumapazi. Msewu wake ndi wa mabampu okhaokha, ndipo bampu lililonse magazi ankadutsa pakati pa zala zanga. Mpango unanyoweratu. Ndinang'amba siketi. Nayonso inanyowa. Kuphiri kumene foni imagwira, kuti tiitane ndege ya odwala, kunali kusanaonekere n'komwe.

Nthawi yonseyo nkhope yake inali itayang'ana chitsulo cha m'mbali mwa galimoto. Munthu akutha magazi, koma akulimbikira kupotoza khosi kuti asandione.

"Dampa," anatero, mawu atachepa, "uwauze mayi asadzivute. Anthu adzawanena."

"Musiyeni galuyo. Ndikulankhula ndi inu. Ndiyang'aneni, musagone."

"Dampa, uwauze ananena zoona za tiyi uja."

Ndinamva ngati akufuna kuseka. Ndinamukalipira, ndinamupempha, ndinamuuza za khanda kuti silinamudziwe n'komwe. Sanatembenuke. Titafika powolokera mtsinje wouma, magazi anasiya kukankha dzanja langa. Ndinamenya denga la galimoto kuti Kodjok aime. Sanamve. Anapitirizabe kuthamanga mpaka kuphiri, ine ndili ndi maliro pamiyendo.

Pamaliro amuna anamutama. Akuti anasunga mwambo mpaka mpweya womaliza, achinyamata atengerepo phunziro. Amayi ena ananong'onezana kuti ndinagwira mkamwini ndi manja, ndinamulankhula pamaso. Anene. Palibe mmodzi yemwe anafunsa chifukwa chake mkazi wodziwa magazi a njati amayenera kuuza galu. Lorina anandifunsa ngati mwamuna wake anasiya mawu. Ndinamuuza za tiyi. Za kukuwa kwanga ndinalephera kumuuza pakamwa, n'chifukwa chake ndazilemba, adzawerenge yekha.

Dzina lake sindinalitchulepo ali moyo. Tsopano latsekedwa monga timatsekera maina a akufa, ndiye sindidzalitchula konse.

Paphiri paja, Kodjok ali pafoni, ndinamutembenuza mutu kuti ndimutseke maso. Anali ndi chipsera chachitali pamwamba pa diso lakumanzere, chakalekale. Palibe anandiuzapo.