Dziko Lomwe Amuna Ndiwo Amadikira

Madamu Sabina anali ndi kachizolowezi kawo. Ana a Folomu 3 akayamba kusinza ndi kutentha kwa ku Chintheche, ankatseka buku la silabasi n'kuwawerengera nthano ya dziko lina la kuthambo. M'dzikomo akazi ndiwo ankakwera zombo kukafuna ntchito ku nyenyezi zakutali, amuna n'kumatsala pakhomo, kuviika chinangwa ndi kulera ana.

"Aaa, Madamu, bodza limenelo!" anakuwa Bizwick tsiku lina, mnyamata wolongolola ngati wailesi. "Mwamuna kuphika kondowole, mwana ali kumsana?"

Kalasi yonse inafa nalo phwete.

"Seka ndithu, Bizwick. Koma tandiuza, kuno anagamula ndani kuti wopita ku Joni akhale mwamuna, wodikira akhale mkazi? Mulungu kapena anthu?"

Ankafunsa molimba mtima, komatu funsolo linkawalasa eni ake. Amuna awo, a Fredrick, anapita ku Joni mwana akuyamwa, pano mwanayo akudziwa kale kulemba dzina lake. Mafoni anayamba kuchepa, kenako zii. Iwo, mwana wa ku Dedza, anatsala kwa apongozi poti anawalowola. Tsopano ahedi anali atawauza kuti kwawo ku Dedza kwapezeka malo auphunzitsi, ayankhe sabata yomweyo. Koma achoke bwanji? A Fredrick ankawasowa, abale inu, kuwasowa kwenikweni, moti minibasi iliyonse ikaima pamsewu ankaisuzumira.

Queen, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo, anaimika dzanja.

"Madamu, amuna a m'nthanomo, mkazi akapanda kubwera, amaloledwa liti kusiya kudikira?"

Madamu anavundukula masamba, chonsecho bukulo ankalidziwa pamtima.

"Wolembayo sananene."

"Ndiye kuti sanadikirepo munthu," anatero Queen. "Amama anadikira adada mpaka amamawo tinawaika m'manda chaka chatha. Pamaliro anthu ankawayamikira kuti anali mkazi wabwino."

Palibe anaseka, ngakhale Bizwick.

Belu litalira, Madamu Sabina analunjika ku ofesi, choko chidakali m'manja.

"Ahedi, ku Dedza kuja ndipita."

Ahediwo anavula magalasi. "Mwaganiza bwino, Madamu? Nanga bambo akabwera?"

Misozi inali italengeza kale m'maso mwa Madamu. Akanangomva kuti a Fredrick atsika pasiteji, akanathamanga opanda nsapato, ndipo ankadziwa zimenezo.

"Akabwera," anatero, "muwauze andidikire nawonso."