Lachiwiri Limene a Clifford Anaiwala

"Mamailosi 64 pa ola," anatero a Clifford atatalikitsa kalata ya apolisi ndi maso awo, poti magalasi anali atawasiya pamwamba pa wailesi. "Pamalo poyenera 50. Ine ameneyo?"

Maxine, mwana wawo wamkazi, anali pasinki. Sanacheuke. Anangopitiriza kupukuta kapu imodzimodziyo, youma kale.

"Akuti linali liti, Adadi?"

"Lachiwiri pa 9, cha m'ma 11 koloko m'mawa. Pamsewu waukulu wa M62, paja akukonza paja, kulowera ku Leeds. Akufuna ndilembe pafomu dzina la amene ankayendetsa." Anaika kalatayo patebulo n'kuisalaza ndi chikhato. "Sunatenge ndiwe galimoto tsiku limenelo?"

Linali funso chabe, lopanda msampha uliwonse. Makiyi ena a galimotoyo Maxine anali nawo kuyambira nthawi imene amayi ake ankadwala.

"Ayi, Adadi. Ine ndinali ndi yanga."

Bodzalo linangotuluka lokha, losalala bwino, iye asanaliitane n'komwe. Zoona zake zinali zakuti tsiku limenelo galimoto yake inali kugalaja. Anali atachedwa kwa gogo wina amene ankayenera kumusambitsa ndi kum'mwetsa mankhwala, ndiye anathamangira kwa bambo ake, n'kupeza apita kukadimba kawo komwe amapitako wapansi. Anatenga galimoto, anabwerako, anabweza mpando m'malo mwake, ndipo chifukwa cha piringupiringu wa tsikulo anaiwala kunena.

Vuto linali mapointi a chilango. Pa laisensi ya Maxine panali kale mapointi asanu ndi anayi, onse a liwiro. Akakwana khumi ndi awiri, khoti limakuletsa kuyendetsa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ntchito yake yosamalira okalamba m'makomo mwawo sigwirika popanda galimoto. Anthu asanu ndi atatu patsiku, wina uku wina uko. Koma a Clifford anali atayendetsa zaka makumi asanu ndi ziwiri opanda ngakhale kadontho pa laisensi yawo. Mapointi atatu angawatani? Umu ndi momwe Maxine anadzitonthozera popita kunyumba kwake, ndipo mtima unavomera kwa masiku awiri okha.

Lamlungu anakumana onse kwa bambo awo pa chakudya chamasana, monga mwa nthawi zonse. Stuart, mchimwene wake wamkulu, anaiwerenga kalata ija akutafuna mbatata yootcha, n'kuseka mpaka kutsamwa.

"Adadi, mwayamba liti mpikisano? Inu amene ngakhale wapanjinga amakupitirirani akuimba mluzu?"

"Seka, mwana iwe. Ukadzakula udzaona."

"Mwina mumachita zija za achemwali angawa," anatero Stuart akuloza Maxine ndi foloko. "Akaona mtengo wachikasu wa kamera, phazi pabuleki, nkhope ya kutchalitchi. Akangodutsa, moto. Osadziwa kuti makamera a pamenepo sasamala kuti pansi pawo wadutsa bwanji. Yoyamba imalemba nthawi imene wadutsa, ina kutsogolo uko imalembanso, kenako makina amangowerengetsa kuti mtunda wonsewo wauyenda mphindi zingati. Ukafika msanga, wadzigwiritsa wekha."

Maxine anameza nyama yosatafuna bwino. Ndi zimene anachita ndendende: buleki pa mtengo uliwonse wachikasu, pakati ponse moto. Tsikulo anafika mpaka podziyamikira kuti ndi wochenjera.

"Achimwene, tadyani chakudya chisazizire," anatero.

"Zimenezo ine ndimazidziwa," anatero a Clifford. "Paja ndimatchera 50, osasuntha phazi mpaka zikwangwani zitatha. Chikundivuta n'chakuti ulendowo sindikuukumbukira. Ine ndimayesa tsiku limenelo ndimaokera anyezi."

Stuart anasiya kuseka. Anaika foloko pansi.

"Simukukumbukira bwanji? Kuchoka kuno ku Huddersfield mpaka ku Leeds, n'kubwerako? Nanga mumakatani kumeneko?"

A Clifford anayang'ana mpando umene sukhalidwa, wa pafupi ndi zenera. Anayankha motsitsa mawu.

"Lachiwiri ndi tsiku limene ndinkapita ndi amayi anu kuchipatala. Chaka chathunthu, msewu womwewo, nthawi yomweyo."

Amayi awo, a Jean, anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo. Zimenezi Maxine sanaziganizeko ngakhale pang'ono, kuti bodza lake likagwera pa tsiku limenelo ndi msewu umenewo. Apa ndi pamene akanayankhula. Pakamwa anatsegula ndithu, koma chimene chinatuluka chinali kufunsa ngati wina akufuna msuzi wowonjezera.

Potuluka, Stuart anamukokera pambali pafupi ndi geti.

"Waona zimene ndakhala ndikunena? Zaka 76 si masewera. Iwe umati ndimawaponderezera. Lero aiwala ulendo wonse, mawa aiwala kuti buleki ndi iti."

"Mwina anangosokoneza masiku."

"Kamera sisokoneza masiku, Maxine."

Sabata imene inatsatira inali yowawa. Maxine ankadutsira kwa bambo ake pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ulendo uliwonse ankapeza chatsopano. Lachiwiri anapeza kapepala pachitseko cha firiji, kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu za bambo ake: NDAZIMITSA MBAULA. Lachitatu timapepala tinali titatu. A Clifford anamuuza, akuyesa kuseka, kuti anapita kukafunsa a Walter, anzawo a dimba loyandikana nalo, ngati anawaona pa 9 paja.

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati, 'Clifford, ine masiku onse amangofanana, ndikudziwe bwanji?' Mboni yanga ndi imeneyo."

Lachinayi ndilo linali tsiku lawo lalikulu. Kwa zaka makumi anayi a Clifford ankaimba lipenga m'gulu la malipenga la kamudzi kena kumapiri, komwe basi imafikako mwa apo ndi apo. Chimwalirireni a Jean, kumeneko ndiye kunali kocheza kwawo, kosekera kwawo, ndipo ankanyamulanso anzawo awiri amene anasiya kuyendetsa. Lachinayi limenelo Maxine anawapeza atakhala pampando, atavala kale jekete, lipenga lili m'bokosi lake pafupi ndi chitseko.

"Simukupita? Muchedwatu."

"Ndawaimbira kuti ndili ndi chimfine."

Chimfine panalibe. Galimoto inali panja, yotsukidwa bwino, matayala ali mbee ngati mwa masiku onse.

Kuntchito nako sikunamupatse mpumulo. Mmodzi mwa okalamba ake anali mayi wina amene kale anali mphunzitsi wamkulu, koma tsopano ankafunsa kuti lero n'lachingati kasanu asanamalize tiyi. Maxine ankamuyankha mofatsa nthawi zonse, ndipo anzake ankamutama kuti ali ndi mtima wa ntchitoyi. Sabata imeneyo ankamuyankha akuyang'ana pansi. Ankadziona kuti ndi munthu wachabechabe, wosambitsa makolo a eni mwaulemu kwinaku akuwononga mutu wa bambo ake omubereka. Komabe akaganiza za khoti, za abwana ake, za miyezi isanu ndi umodzi, ankadziuza kuti adikire kaye, mwina ziiwalika zokha.

Sizinaiwalike. Lachisanu la sabata yachiwiri, cha m'ma 3 koloko masana, anapeza bambo ake atakonza patebulo ngati pali msonkhano. Panali fomu ija, yolembedwa kale dzina lawo ndi kusainidwa. Panali envelopu yomata sitampa. Panali kakhadi ka kuchipatala, ndipo pambali pake panali makiyi a galimoto.

"Khala pansi, mwanangu. Tiyi ali m'thipoti."

Maxine anakhala. Tiyi sanamukhudze.

"Ndayankhula ndi Stuart. Galimoto aigulitsa. Laisensi ndibweza ndekha, asanachite kundilanda. Lolemba ndikaonana ndi adokotala, akuti akandiyeza za kukumbukira." Anakankhira makiyi pakati pa tebulo. "Si za mapointi ayi. Ndakhala ndikuganiza. Ngati ndinayenda mtunda wonse uja ndili kwina, ndikuthamangira mkazi amene ndinamuika m'manda ndekha, ndiye kuti ndikanatha kugunda munthu. Amuna aja amagwira ntchito m'mbali mwa msewu, ali ndi ana awo. Ndikanapha mmodzi, n'kubwera kuno kudzamwa tiyi osadziwa kanthu."

"Adadi, musafulumire."

"Sindikufulumira. Masiku khumi ndi awiri ndakhala ndikulifunafuna Lachiwiri limeneli m'mutu mwangamu. Mulibe." Anavula magalasi n'kumuyang'ana. Maso awo anali ofiira, ndipo Maxine anaonamo mantha amene sanawaonepo ngakhale pa maliro a amayi ake. "Iwe umakhala ndi anthu otere tsiku ndi tsiku. Stuart sadziwa kanthu, amangolankhula. Iwe ndiye sungandinamize. Undiuze zoona. Zimayamba chonchi?"

Apa ndiye Maxine anasowa pothawira.

"Simunaiwale kalikonse, Adadi. Munali kudimba, mumaokera anyezi. Galimoto ndinatenga ndine."

A Clifford sanasunthe.

"Yanga inali kugalaja. Ndinachedwa, ndinathamanga. Ndili ndi mapointi asanu ndi anayi kale, ndimaopa kuti andilanda laisensi, ntchito ithe. Ndimayesa kuti kwa inu sizikhala kanthu. Ndinakunamizani, ndipo tsiku lililonse ndimabwera kuno n'kumakuonani mukuvutika, osanena. Pepani, Adadi. Ndilibe chodzikanira."

Analira, koma bambo ake sanatambasule dzanja kuti amugwire paphewa monga ankachitira kale. A Clifford anadzuka pang'onopang'ono, anapita pafiriji, n'kuyamba kumatula timapepala tija kamodzikamodzi. Anatipinda bwinobwino n'kutiponya m'bini. Kenako anaima pazenera nthawi yaitali, atafulatira.

"Lamlungu lija," anatero osacheuka, "nditatchula amayi ako. Unali pompo."

"Ndinali pompo."

"Unafunsa za msuzi."

Maxine akanakonda bambo ake akanamukalipira, akanamenya tebulo, akanamuthamangitsa m'nyumba. Koma a Clifford si munthu wokweza mawu.

"Ukanandipempha kuti ndisenze mapointi ako, ndikanakana," anatero. "Boma sindilinamiza, ndipo umadziwa. Koma tikanakhala pansi pompano, n'kuona chochita. Ine ndimayesa kuti mutu wanga wayamba kufa, Maxine. Ndinafika posankha nyimbo za pa maliro anga, kuti ndisankhe ndikadali ndi nzeru."

Anabwerera patebulo, anavala magalasi, n'kutenga cholembera. Anadula dzina lawo ndi mzere umodzi wowongoka, anasaina pambali pake, n'kulemba la mwana wawo m'zilembo zikuluzikulu.

"Tulutsa laisensi yako, undiwerengere nambala."

Maxine anawawerengera. Envelopu anakaiponya yekha m'bokosi lofiira la makalata la pakona, bambo ake akumuonera pazenera.

Khoti linamuletsa kuyendetsa miyezi isanu ndi umodzi. Stuart anatha milungu itatu osamuyankhula. Abwana ake anati ntchito ikhalapo ngati angapeze womuyendetsa, apo ayi asiye, ndipo Maxine sanauze aliyense za zimenezi kupatula Stuart atayambanso kuyankha foni. Koma m'mawa wa tsiku loyamba la chiletsocho, akukonzeka kukakwera basi kuti akapereke kalata yosiya ntchito, anamva hutala panja. Anali a Clifford, atavala jekete yawo ya Lachinayi, injini ikulira. Stuart anali atawauza.

"Lowa. Agogo akowo sadzisambitsa okha."

Kuyambira pamenepo ankamuyendetsa tsiku lililonse, khomo ndi khomo, iwo n'kumadikira m'galimoto akuwerenga nyuzipepala. Za nkhani ija sanaitchulenso. Lipenga anayambiranso, adokotala nawo anawauza kuti mutu wawo uli bwinobwino. Maxine anayamba kukhulupirira kuti bala lapola.

M'mawa wina akudutsa pamalo paja, pansi pa mitengo yachikasu ya makamera, muvi wa liwiro uli nji pa 50, malole akuwapumira kumbuyo, a Clifford anatsokomola pang'ono.

"Lero ndi Lachiwiri, eti?"

"Inde, Adadi. Lachiwiri."

A Clifford anagwedeza mutu. Anayenda mpaka anapatuka mumsewu waukulu n'kuima pa maloboti. Pamenepo, poyesa kuti mwana wawo akuyang'ana kunja, anatambasula dzanja mwakachetechete, n'kutembenuza nyuzipepala imene inali pakati pa mipando kuti aone tsiku lolembedwa pamwamba pake.