Kukatsanzika ku Bala

A Dikoni anali asanalaweko mowa chibadwire, ndipo ankakonda kuzitchula zimenezi ngati kuti ndi digiri. Mu mpingo ankawerengedwa m'gulu la okhwima, aja okhala mipando yakutsogolo, odziwa pomwe "ameni" amayenera kugwera. Choncho Wometa atatembenuka mtima, akuluakulu anamupereka m'manja mwa a Dikoni kuti amulere mpaka tsiku la ubatizo.

Wometa anali ndi kashopu kometera ka mpando umodzi, galasi long'aluka pakona ndi makina awiri, ena otentha msanga. Manja ake anali aluso, koma mowa unali utamudya zaka khumi ndi ziwiri. Mkazi wake anachoka ndi mwana wawo wamkazi tsiku limene anamupeza atagona pakhonde masanasana, mwanayo akulira yekha m'nyumba. Anapita kwa mchemwali wake atasiya mawu amodzi okha: bamboyo akatha miyezi isanu ndi umodzi osamwa, n'kubatizidwa, iye adzabwerera. Akalawanso ngakhale kadontho, asadzamufunefune.

Miyezi ija Wometa anaipirira mwa njira yake. Bala yomwe ankamwera inali pamsewu wachidule wopita kwake, ndiye iye ankazungulira kuseri kwa sitolo ya matayala n'kudzera pa mlatho wa njanji, mphindi makumi anayi m'malo mwa khumi. Ngakhale spiriti wopukutira makina anamuchotsa m'shopu chifukwa cha fungo. A Dikoni atamva zimenezi sanakondwe. Kwa iwo munthu wozungulira chotere anali asanakhulupirire kwenikweni.

Mpingowu unali ndi mwambo womwe mipingo ina inalibe, ndipo ankaunyadira kwambiri. Ankautcha kukatsanzika. Munthu asanabatizidwe ankabwerera kumalo kumene ankachimwirako, n'kuima pakati, n'kuuza anzake akale kuti basi, wapita. Wa juga ankapita kwa anzake a juga, wa mowa ku bala. Ankapita ndi womulera, ndipo Lamulungu womulerayo ndi amene ankafotokoza za chigonjetsocho pamaso pa mpingo. Mbali imeneyi a Dikoni ankaikonda kuposa zonse.

Lachisanu a Dikoni anakhala pampando wa Wometa, nsalu ili m'khosi, ndipo anamuuza kuti tsiku lake lokatsanzika ndi mawa.

"A Dikoni, ine m'menemuja sindingalowe," anatero Wometa atazimitsa makina. "Fungo lokha limandikoka. Inu simungadziwe."

"Ndikudziwa bwino lomwe, m'bale. Amenewo ndi mantha."

"Inde ndi mantha. Mantha omwewo ndi amene andisunga mpaka lero."

"Akusungani ndi Ambuye. Musawalande ulemu n'kuupereka kwa mlatho wa njanji." A Dikoni anaseka nthabwala yawoyo okha, akudziyang'ana pagalasi. "Mudzayamwa ngati khanda mpaka liti? Wosatsanzika sitimubatiza, mukudziwa."

Wometa anapukuta lumo lomwe linali loyera kale. Popanda ubatizo panalibe mkazi, panalibe mwana.

"Koma mulowa nane?"

"Tilowa limodzi, phewa ndi phewa. Mphindi zisanu basi."

Atatuluka m'shopumo a Dikoni anaimbira foni mkazi wa Wometa osamuuza mwini wake. Anati abwere mawa lomwelo cha m'ma fili koloko pamsewu wa bala, adzaone ndi maso ake zimene Ambuye achita. Akafuna atengeretu katundu.

Loweruka awiriwo anafika pamalopo cha m'ma thu koloko, dzuwa likuswa mtengo. Bala inali ndi chitseko chachitsulo chotsegula theka, makatoni a mabotolo atasanjidwa pakhoma, ndi nsalu yakuda ndi litsiro yotchinga pakhomo. Wometa anali atavala shati yake yoyera, yomwe ankasungira ubatizo, ndipo thukuta linali litaimata kale kumsana.

Apa mpamene a Dikoni anaona amayi atatu a kwaya tsidya lina la msewu, akusankha nsalu pakhonde la sitolo. Mmodzi anali mkazi wa mlembi wa mpingo, amene pakamwa pake sipagona nkhani. Mwezi wotsatira kunali masankho a akuluakulu a mpingo, ndipo a Dikoni ankafuna mpando. Inde mwambo unali wodziwika, koma munthu akamafotokoza kuti anakuona ukulowa m'bala sayamba ndi kulongosola mwambo.

"Tsogolani, m'bale," anatero a Dikoni. "Ine ndikhala ndikupemphera panja pano."

"Munati limodzi."

"Pemphero silitchingidwa ndi khoma. Lowani, musamupatse mdani nthawi."

Wometa anawayang'ana, kenako anakankha nsalu ija n'kulowa. M'kati munabuka chisangalalo, mipando ikukokedwa, wina akufuula kuti wakufa wauka. A Dikoni anawoloka msewu kukapereka moni kwa amayi aja.

Patatha mphindi khumi Wometa anasuzumira pakhomo, nkhope ili nyowe, maso akusakasaka. A Dikoni anamuona. Anatembenukira ku nsalu, n'kuyamikira ina ya maluwa obiriwira kuti ingakhale bwino pa Isitala. Mumtima anadziuza kuti mwana saphunzira kuyenda ali kumsana. Wometa anasuzumiranso kachiwiri, dzanja litagwira mphuthu ya chitseko, ndipo ulendo uno anaitana ndithu, "A Dikoni!" Galimoto inadutsa, ndipo a Dikoni anaona kuti akhoza kunena kuti sanamve. Kachitatu sanatulukenso.

Amayi a kwaya anapita. Ola linatha. A Dikoni anayamba kupsa mtima, chifukwa mapazi anali kuwawa mu nsapato zatsopano ndipo ulaliki wa mawa unali ukuwonongeka.

Mkazi wa Wometa anatsika basi ndi sutikesi yomanga ndi lamba, mwana atamugwira dzanja. Anali atadzikonza, tsitsi lomanga kumene.

"Ali kuti, a Dikoni?"

"Ali m'katimo, mayi. Akutsanzika."

"Ndi ndani?"

"Ndi Ambuye."

Mayiyo anaika sutikesi pansi pang'onopang'ono. "Mwamulowetsa m'bala yekha? Munthu woti ngakhale fungo la spiriti amalithawa?"

"Mayi, chikhulupiriro chosayesedwa..."

Sanawamvere. Anauza mwana kuti aime pomwepo, n'kulowa. Sanakhalitsemo. Anatuluka wopanda msozi, n'kunyamula sutikesi yake. Kumbuyo kwake kunatuluka Wometa akudzandira, shati yoyera ija itanyowa pachifuwa.

"Mayi a mwana, imani kaye. Ndinakana katatu. Anzanga anandigwira dzanja n'kundiikira botolo pamlomo, anati wotsanzika amatsanzika ndi limodzi. Linali limodzi lokha poyamba."

"Ndinakuuzani kuti kadontho," anatero mkaziyo, mawu ali pansi. Kenako anatembenukira kwa a Dikoni. "Miyezi isanu ndi umodzi anatha yekha. Inu mwamugwetsa mu ola limodzi lokha."

A Dikoni anamva kuwawa, koma kunali kuwawa kwa munthu wonyozedwa pamsewu. Anaganiza kuti mayiyu nayenso ndi wosakhwima, n'chifukwa chake akufuna womuloza chala. Ndipotu mwambo unali utagwira ntchito yake: unaonetsa kuti m'baleyu anali asanakonzeke, ndipo mpingo unapulumuka kubatiza munthu wosapsa. Mfundo imeneyi inawakhazika mtima pansi, ndipo anaona kuti ikhoza kukhala ulaliki wabwino.

Basi yobwerera inaima tsidya lina. Mkaziyo anakweza mwana, n'kukweza sutikesi, n'kukhala mbali yosayang'ana ku bala. Wometa anathamangira basiyo mapazi ochepa, n'kugwa chogwada pa phula. Anakhala pomwepo mpaka basiyo inakhota pakona.

Ndiye anakwawira kwa a Dikoni, n'kutambasula dzanja.

"A Dikoni, ndigwireni dzanja. Mundiperekeze kunyumba, tidzere kwa njanji. Ndikatsala pano ndekha ndilowanso. Ndikudzidziwa."

A Dikoni anayang'ana kumtunda kwa msewu, n'kuyang'ana kumunsi. Anthu anali atayamba kuima, ndipo fungo la m'baleyo linkafika patali. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kupisa manja m'matumba.

"Osati muli chonchi, m'bale. Mukagone, mukasambe. Mubwere Lachitatu ku kalasi ya oyamba kumene, tikayambirenso."

Ananyamuka mofulumira, nsapato zikulira. Atafika pa sitolo ya matayala anacheuka kamodzi kuti aone ngati wina wodziwika wawaona. Wometa anali atadzuka. Anaima kanthawi pakati pa msewu, akuyang'ana kumene a Dikoni analowera. Kenako mnzake wina anatuluka m'bala, n'kumusasa fumbi m'mawondo, n'kumukoleka dzanja paphewa mwachikondi, ndipo analowa limodzi.