Dzanja la Mailosi, Dzina la Ezara

Makina ophwanya miyala anadula dzanja lamanja la Mailosi Lachinayi pa 9 Seputembala 1954, pa ntchito yomanga mlatho pamsewu wopita ku Fort Jameson. Lamba wa makina anakola mkono wa malaya ake, ndipo pamene kapitawo ankazimitsa injini, dzanja linali litapita kale. M'chipatala anagonamo milungu isanu ndi iwiri. Dokotala analemba kuti munthuyu wataya theka la mphamvu zake zogwirira ntchito, pepalalo n'kulitumiza ku Lusaka, ku ofesi yosunga thumba la chipukutamisozi cha antchito ovulala. Pamwamba pa pepalalo panalembedwa dzina lakuti Ezara.

Ezara anali mkulu wake wa Mailosi, bere limodzi. Mu Epulo 1953, pamene kunamveka zoti akulemba antchito a pamlatho, chitupa cha Mailosi chinalibe zidindo za msonkho wa zaka ziwiri, ndipo munthu wa chitupa chotere sankamulemba. Ezara anali chigonere kwa mayi awo kwa Pembamoyo, akutsokomola magazi chibwerere ku migodi, koma msonkho wake unali wolipira. Anatulutsa chitupa chake m'kachitini n'kumupatsa mng'ono wakeyo. Zimenezi sizinali zachilendo. Pa anthu makumi anayi a pamlathopo, Mailosi ankadziwa asanu ndi mmodzi amene ankayankha mayina a abale awo.

Atatuluka m'chipatala anapita kwa Mlolo, kumudzi kwa mkazi wake Lonia, kumene anali mkamwini. Anali ndi ana awiri, Ebelesi ndi wina wa kumsana. Munda umene ankalima unali wa mbumba ya Lonia, ndipo mwini mbumba anali a Manase, atsibweni ake a Lonia. Mvula itagwa, Mailosi anayesa khasu ndi dzanja lamanzere. Pamalo pamene kale ankamaliza dzuwa lisanafike pamutu, anathapo masiku anayi, mizere yake yokhotakhota.

A Manase sanalankhule naye pamaso, poti mkamwini salankhulidwa choncho. Mawu anadzera kwa ankhoswe. Anati adikira mpaka chimanga chilowe m'nkhokwe. Ngati ndalama za boma zibwera, agule ng'ombe ziwiri ndi pulawo, chifukwa wadzanja limodzi angathe kutsogolera ng'ombe mkazi atagwira pulawo. Ngati sizibwera, abwerere kwawo. Za ana panalibe zokambirana, ana ndi a kuchikazi.

Ezara anamwalira Loweruka pa 20 Novembala. M'mwezi wotsatira, Mailosi ali kwa mayi ake pa mwambo wometa, mlembi wa msonkho anafika m'mudzimo ndi buku lake. Mailosi yemweyo ndiye anapereka chitupa cha Ezara, kuti amesenjala asadzavutitse mayi okalamba ndi msonkho wa munthu wakufa. Mlembi anadula mzere wofiira pa dzinalo n'kulemba tsiku. Mailosi sanaonepo vuto. Kwa iye ndalama zinali za dzanja, ndipo chibuntho cha mkono ankayenda nacho ndi iyeyo. Sabata yomweyo abale anasudzula Mariam, mkazi wa Ezara. Anamupatsa sheleni imodzi, n'kumuuza kuti tsopano ndi mfulu, ndipo iye anabwerera kwawo kwa Zingalume ndi ana ake atatu.

Kalata inafika mu Febuluwale 1955. Aphunzitsi a pasukulu ya mpingo anamuwerengera: mapaundi makumi anayi ndi asanu ndi atatu akudikira Ezara pa boma ku Chadiza. Lolemba pa 14 Mailosi analawirira wapansi, n'kufika dzuwa lili pamutu.

Kalaliki wa paofesipo anali Dominiko, munthu wonenepa wokonda nthabwala. Anafunsa dzina, Mailosi n'kuyankha kuti Ezara. Dominiko anatulutsa mapepala a chipukutamisozi, kenako anatsegula buku la msonkho monga lamulo linkafunira, chala chake n'kuima pa mzere wofiira uja. Anamuyang'ana Mailosi kuyambira kumapazi.

"Kumanda kuli bwanji, bambo? Nakonso mvula ikugwa?"

Anthu a pabenchi anaseka. Mailosi anakweza chibuntho chake, nsanza zikulendewera.

"Nanga ichi n'chayani, akalaliki?"

"Mkono ndauona, bambo. Koma ine sindilipira mkono. Ndilipira dzina."

Atatha kuseka, Dominiko anamufotokozera bwinobwino, kawiri konse. Ndalama zinafika pa 1 Febuluwale, ndipo zikhala masiku makumi asanu ndi anayi, mpaka Lolemba pa 2 Meyi. Tsiku limenelo likapita, zibwerera m'thumba ku Lusaka, chifukwa ofesi yaing'ono siloledwa kusunga ndalama zopanda mwini. Wopereka ndalamazo si iye, koma bwana wa ku Fort Jameson, amene ankabwera Lolemba loyamba la mwezi uliwonse. Ndipo njira zinali ziwiri basi: mwini dzina abwere wamoyo ndi chitupa chake, kapena, ngati anamwalira atavulala kale, mkazi wake abwere alumbire, alandirire ana. Dominiko sanafunse kuti iye ndani. Anangotseka buku n'kuitana wotsatira.

Lonia anamva nkhaniyi akusenda maungu. Sanakalipe. Anafunsa kuti mpaka pa 2 Meyi patsala Malolemba angati a bwanayo, ndipo atawerenga pa zala anapeza atatu. Kenako ananena chimene onse awiri ankaganiza, kuti apite kwa Mariam.

Kwa Zingalume Mailosi anapitako katatu. Ulendo woyamba Mariam anamupatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kumvetsera mpaka kumapeto.

"Alamu, munandisudzula ndi sheleni imodzi. Lero ndakhalanso mkazi wa kwanu?"

Mailosi anabwerera chimanjamanja. Ulendo wachiwiri anapeza mtsinje utadzaza, nabwerera panjira, ndipo Lolemba la pa 7 Malichi linapita choncho. Ulendo wachitatu anapeza nkhokwe ya Mariam ili mbee, ana akukazinga njere za maungu. Mailosi anati pa mapaundi aja, khumi ndi asanu ndi limodzi adzakhala a ana a Ezara, otsalawo akwana ng'ombe ndi pulawo. Anati sakuba za munthu, dzanja linadukadi, ntchito inagwiridwadi, ndipo dzina ndi la m'nyumba imodzi. Mariam anayang'ana ana ake nthawi yaitali, kenako anavomera. Mailosi anamuphunzitsa zonena: mlatho, makina, pa 9 Seputembala, dzanja lamanja.

Pa 4 Epulo anafika onse awiri pa boma. Mailosi anatsala panja pansi pa mtengo wa mango, mkono atafunditsa jekete. Zenera linali lotsegula, ndipo ankamva zonse. Bwana anali mzungu wachinyamata wolankhula motsitsa, Dominiko akumasulira. Anaika Baibulo patebulo n'kumuuza Mariam kuti aikepo dzanja. Mariam anali mayi wa mumpingo, wodya mgonero kuyambira ali mtsikana. Anatchula dzina la mwamuna wake, tsiku limene anamwalira, ndi mayina a ana. Atafunsidwa ngati mwamunayo anagwirapo ntchito pamlatho, anayankha chapansipansi mwakuti Dominiko anachita kufunsanso. Bwana analemba. Kenako anafunsa kuti dzanja limene linaduka linali liti.



"Amuna anga anapita ndi manja onse awiri," anatero Mariam. "Mpaka tsiku lomaliza chikho ankagwira okha."

Dominiko anamasulira mawuwo monga analili. Bwana anafafaniza zimene analemba, n'kunena kuti mayiyo angathe kupita.

Panja Mariam anagwada chapatali ndi Mailosi, maso ali pansi.

"Mundikhululukire, alamu. Akanapanda kuika Buku patebulo ndikanatha."

Mailosi anamupatsa theka la mbatata zimene ananyamula, poti ulendo wa kwa Zingalume unali wautali. Sanatsanzikane bwino.

Nkhani inafika kwa Mlolo iye asanafike. A Manase anatumiza mawu kwa ankhoswe kuti chimanga chayamba kuuma. Lonia anapita yekha kwa atsibweni ake kukapempha chaka china, nati iye alima ndime ziwiri, yake ndi ya mwamuna wake. A Manase anati mawu amenewo ndi a mu Epulo, pofika Disembala msana udzanena zina. Anawonjezera kuti iwo sadana naye munthuyo, koma nkhokwe sidziwa chisoni, ndipo pali akazi ena atatu a mbumba yomweyo amene amuna awo ali ku Halale osatumiza kanthu.

Masabata anayi otsalawo Mailosi ankadzuka n'kupita kumunda, kumene ntchito yokha imene ankatha inali kuingitsa anyani. Anayesa kufunsa za anzake a pamlatho. Mlatho unatha mu Januwale, gulu linabalalika, ndipo amene ankayankha mayina a abale awo sakanafuna kuonekera pa boma.

"Bambo a Ebelesi, mukakanena zoona akakumangani," anatero Lonia Lamlungu pa 1 Meyi, akumukonzera kamba wa panjira.

"Ndikapanda kunena, ndalama zipita mawa, ine n'kupita mwezi wamawa. Bola dzina langa lilowe m'mapepala awo."

Pa 2 Meyi anaima pamaso pa bwana n'kupereka chitupa chake chenicheni, chopanda zidindo. Ananena zonse motsatira masiku ake, kuyambira pa kachitini ka Ezara. Bwana anamvetsera osamudula. Anati akumukhulupirira, koma a ku Lusaka safuna chikhulupiriro chake, afuna umboni. Anatulutsa khadi la pantchito limene linali m'mapepala. Pansi pake panali chidindo cha chala cha munthu amene analembedwa ntchito mu Epulo 1953. Dominiko anabweretsa inki, kenako anawerenga timawu ta pansi pa chidindocho n'kuibweza pashelefu. Chinali chala chachikulu cha kumanja.

"Akufunsa kuti chala chimenechi chili kuti," anatero Dominiko, nthabwala zitamuthera.

"Anachikwirira kuseri kwa chipatala."

Bwana anafunsa za kapitawo. Mailosi anati anamva kuti anapita ku Halale. Anafunsa za dokotala, ndipo Dominiko anayankha kuti amene anasaina pepala uja anasamutsidwa kumayambiriro kwa chaka. Bwana analemba kalata ya masamba awiri yopita ku ofesi ya thumba, yopempha kuti nkhaniyi iyambidwenso m'dzina la Mailosi. Anamuwerengera kalatayo, n'kumuuza mosabisa kuti yankho lingatenge miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka, ndipo sangalonjeze kuti lidzakhala lotani. Mapaundi aja anabwerera ku Lusaka ndi thumba la makalata la tsiku lomwelo.

Panatsala mlandu wogwiritsa ntchito chitupa cha mwini. Chilango chinali mapaundi awiri pamodzi ndi msonkho wotsalira, apo ayi milungu isanu ndi umodzi m'ndende. Mailosi anali ndi masheleni anayi. Anakwera lole ya boma madzulo omwewo.

Anatuluka m'ndende Lolemba pa 13 Juni, n'kufika kwa Mlolo Lachitatu masana. Minda inali mapesi okhaokha. Nkhokwe ya Lonia inali itafoleredwa kale, ndipo anaona kuti udzu wake anamanga ndi munthu wina. Anakapeza Lonia kudimba akuthirira mpiru. Lonia anatula ndowa, n'kukhala pansi pamzere.

Anamuuza kuti ankhoswe a mbali zonse anakumana Loweruka pa 28 Meyi, ndipo ukwati wawo unatha tsiku lomwelo. Iye anapempha kuti apite naye chitengwa kwa Pembamoyo, akakhale kwawo kwa mwamuna. A Manase anati angathe kupita, koma ana atsale. Wa kumsana uja anali asanaleke kuyamwa.

"Ndinakana kawiri, bambo a Ebelesi. Kachitatu sanandifunsenso."

"Ebelesi ali kuti?"

"Apita naye kwa amayi aang'ono. Anati kuti asalire."

Mailosi anafunsa ngati kunabwera kalata iliyonse, Lonia n'kupukusa mutu. Anamupempha kuti mesenjala akadzafika, amulozere njira ya kwa Pembamoyo, ndipo asadzalole munthu wina kuilandira. Lonia anati ndalamazo zikadzabwera mwina atsibweni adzamvanso. Mailosi anati mwina.

Katundu wake anali kale pakhonde: mphasa, bulangete la pantchito, nkhwangwa, ndi jekete. Lonia anawonjezera kathumba ka mtedza. Mailosi anayesa kukulunga zonsezo m'mphasa, akukanikiza ndi bondo, luzi ali nalo kumano, koma mfundo inamasuka kawiri. Lonia anagwada n'kumanga yekha, anamusenzetsa paphewa lamanzere, n'kumuperekeza mpaka pamtsinje. Kumeneko anaima, ndipo Mailosi anawoloka.