Mbuzi Inadyedwa Kale

Dokotala wa ku Lilongwe ananena zinthu ziwiri, koma Khalidi, mwamuna wa Shamsa, anamvapo chimodzi. Choyamba, mitsempha ikuluikulu ya mtima wa mkazi wake sinatsekeke, opaleshoni siyofunika. Chachiwiri, vuto lili m'timitsempha ting'onoting'ono tosaoneka pa makina, timene timafinyika, ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi, osadumphitsa. Pamene dokotala ankafika pa chachiwiricho, Khalidi n'kuti ali kale panja, foni kukhutu: "Alhamdulillah, amayi! Akuti mulibe kanthu!"

Pofika kwawo kwa Malengachanzi anapeza mbuzi itasendedwa kale. Mudzi wonse unadya sadaka yothokoza Mulungu kuti Shamsa wachira. Mwiniwakeyo anangokhala pamkeka, chifuwa chikuthina ngati achimanga ndi luzi, n'kumavomera moni. Nanga anthu ali ndi nyama m'kamwa ungawauze chiyani?

Kenaka mwezi wa Ramadhani unafika, nthawi yopalira mpunga.

"Paja shehe amati wodwala asasale kudya," anatero Shamsa, maso pansi. "Mapiritsi ena ndi a masana."

"Wodwalayo ndani?" anafunsa apongozi ake, a Mwanahalima. "Ine mano anatha, mawondo anatha, koma ndikusala. Inu makina anakuunikani m'kati monse osapezamo ngakhale kachitsotso."

"Ndi timitsempha tating'ono, amayi."

"Tating'ono! Bwenzi mutadwala tatikulu ngati anzanu."

Shamsa anayang'ana mwamuna wake. Khalidi anakanda ndevu.

"Make Farida, musandichititse manyazi. Kumzikiti ndikanene chiyani? Kuti alavule mbuzi?"

Basi, Shamsa anasala nawo.

Tsiku lina dzuwa lili paliwombo, onse ali m'munda madzi olekeza m'akakolo, ululu uja unabwera. Unayambira pachifuwa, n'kukwera kunsagwada, n'kutsikira kumkono wamanzere. Shamsa anaweramuka pang'onopang'ono. Pansonga ya chitenje anali atamangapo kapiritsi koika kunsi kwa lilime ululu ukabwera. Anayamba kumasula mfundoyo ndi zala zamatope.

"N'chiyani chimenecho, apongozi?"

A Mwanahalima anali ataima, manja m'chiuno, milomo itauma gwa ndi ludzu. Khalidi anali chauko, sanadzutse n'komwe mutu.

"Palibe, amayi."

"Ndiye tiyeni, mzere wanu watsalira."

Shamsa anasiya mfundoyo, anawerama. Udzu unali pomwepo, ankauona bwinobwino pansi pa madzi. Anatambasula dzanja, koma zala zinakana kufumbata.